Munsi wachiwiri wa Fagness

Achinyamata obwera ndi mafoni kudzafunsa za Fagness amayambira pa gitala. Ayi, gitala idabwera mochedwa. Fagness adayambira pa mtondo, ndipo munsi wachiwiri mu mtondomo unali wanga, ine Dina. Lembani zimenezo kaye.

Tidakulira limodzi kuseri kwa Golomoti, nyumba zoyang'anizana. Chigayo chinali kutali, ndiye chimanga tinkakonola tokha, mpunga tinkasinja tokha. Anthu awiri, mtondo umodzi: iye gu, ine gu, wake ukamakwera wanga ukutsika. Fagness anali wowonda ngati bango, kusinja kwake kopanda ntchito, theka la mphale linkathera nkhuku. Koma pakamwa! Chinthu akachiona m'mawa, pofika masana chasanduka nyimbo. Mbuzi ya a Kadzuwa yadya sopo, nyimbo. Mkamwini wagwa ndi thumba m'matope, nyimbo. Iye kutsogola, ine kuvomera.

Inu a masiku ano simudziwa ntchito ya pamtondo. Mkazi akapsa mtima sankathamangira kwa ankhoswe. Ankathira chimanga mu mtondo n'kuyimba zonse, mwamuna ali kuseri kwa mpanda akumva, koma kuyankha sangayankhe, poti ndi nyimbo. Gaga akapetedwa, nkhani yatha. Zinkathera pakhomo pomwepo.

Atasinkhuka adalowa kwaya ku Mua. Kumeneko adaphunzira kusunga mpweya, ngakhale oyimbitsa ankamukodola sabata iliyonse kuti achepetse mawu, akuphimba anzake. Gitala yoyamba adamukhomera malume ake a Petulo, ya chigubu cha mafuta, nsambo zake waya wa mabuleki a njinga. Mkazi kugwira gitala nthawi imeneyo anthu ankati mutu wasokonekera. Iye sadasamale. Ankaimenya pamene pankagwa munsi wake, ine n'kumasinja pakati pake.

Basi maukwati adayamba kutiitana, Golomoti, Mua, mpaka Mtakataka. Mtondo tinkaukweza pa ngolo. Tikamatsitsa, amuna ankaseka.

"Amayi, mwabwera kudzayimba kapena kudzaphika?"

"Dikirani, mudya," Fagness ankatero.

Ndipo ankadyadi, chifukwa mtondo wopanda kanthu ulira mogontha komanso umang'ambika. Tinkathiramo mpunga weniweni. Nyimbo zikamatha, mpunga wayera, ophika akutenga. Ndidaona ndi maso anga apongozi awiri osalankhulana akuvina moyang'anizana, fumbi koboo, mkwatibwi akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Masiku amenewo dzuwa la kuno linkawotcha chimodzimodzi, koma sitinkalimva.

Tsono amuna anga, a Silvesta, adayamba kupalasa njinga kupita ku Mtakataka, ati kukagula nsomba. Nsombazo sizinkafika. Ndidamuuza Fagness pa mtondo panga, ndipo mawu oyamba ndidapeka ndine: njinga yapita ku nsomba, yabwera ndi fungo la mafuta odzola. Iye adaikamo kayimbidwe. Tidayimba masiku atatu, a Silvesta ali kuseri kwa mpanda akusema mpini umodzi womwewo mpaka udatsala ngati mthiko. Maulendo a nsomba adatha. Nyimbo idagwira ntchito yake, idayenera kugona pomwepo.

Patapita miyezi kudali ukwati ku Mtakataka, woyamba kubwera ndi chimkuzamawu. Ine ndidatsala, malungo atandigwetsa. Fagness ataona mawu ake akufika mpaka kumsika, mtima udamukwera, n'kuitulutsa ya njinga. Mayi wa mafuta odzola uja anali pomwepo, akugawa thobwa. M'mawa mwake ana ankaiyimba m'mbuyo mwa a Silvesta pa msewu. A Silvesta adabwera kunyumba, n'kupachika njinga kudenga, sadaikwerenso mpaka imfa yawo. Adandilakwira, inde, koma wowalanga ndinali ine, osati msika wonse.

Ndidapita kwa Fagness malungo asadathe.

"Iwe, ya pamtondo panga waitengera ku chimkuzamawu?"

"Dina, sindidatchule dzina."

"Njinga zofiira zopanda madigadi ku Golomoti kuno zilipo zingati?"

"Koma anthu aikonda, mnzanga."

"Akusinjire anthuwo."

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, pakamwa panga sipadatuluke ngakhale moni. Madzi tinkatunga pa mjigo umodzi.

Iye adapita patsogolo, sindingakane. Adagula gitala ya m'sitolo, adakajambula ku Lilongwe, matepi adatuluka, wailesi idamuyimba. Adapeka za njala, za atsikana okwatiwa asadakhwime, za mbalame zodya mpunga ku Bwanje. Ana anga amati ndinkazimitsa wailesi akayamba. Bodza. Ndinkangochepetsa mawu n'kuika khutu pafupi. Koma m'malo mwa mtondo ojambula adamuikira kiyibodi ya magetsi, ndipo chinthu chimenecho sichitopa. Pa mtondo, ndime yachitatu ikamafika mikono imalemera, munsi umachedwa, ndipo pamenepo m'pamene Fagness ankapuma n'kukoka mawu aatali aja okusiya tsitsi litaima. Kiyibodi inkangomuthamangitsa ngati galu pa nkhuku. Anthu a m'tauni ankati wakula. Ine ndinkamva munthu wothawa.

A Silvesta atamwalira Fagness adabwera, adatsogolera nyimbo njira yonse ya kumanda. Ndidamumva bwinobwino kumbuyo kwanga. Sindidatembenuke.

Chaka chatha, titakolola, alimi a mpunga ku Bwanje adakonza chisangalalo n'kumuitana. Ine ndidapita kukaona mpunga wa anzathu, musalembe zina. Ndidakhala kumbuyo pansi pa mtengo wa mango. Fagness adakwera pa nsanja mochita kumugwira mkono. Wakalamba, chifuwa chimamuvuta, mpweya ndi wa pang'ono. Davie, bambo womuyimbira kiyibodi, adakhudza chinthu chake, chidanyamuka. Ndime yoyamba adaikwanitsa. Yachiwiri adatsalira. Yachitatu adatsokomola, mawu n'kuduka, makina akungopita okha. Mafoni adakwera m'mwamba. Wina adakuwa kuti, "Agogo akapume!" Anthu n'kuseka.

Fagness adakumbatira gitala, maso pansi, ndendende mmene ankaimira ali mwana akataya mphale. Ndidadziwa kuti akatsika pamenepo sadzakweranso, ndipo ana amenewa adzamukumbukira ndi chifuwacho basi. Kumuchititsa manyazi Fagness ndi ntchito yanga, osati ya tiana tosadziwa ngakhale kugwira lichero.

Sindikudziwa kuti miyendo idandifikitsa bwanji kutsogolo.

"Davie, zimitsa chinthu chakocho. Rahema, nyumba yako ili pafupi, bweretsa mtondo ndi munsi. Wina athiremo mpunga, mukungoyang'ana chiyani?"

Fagness adandiyang'ana.

"Wakalamba, Dina."

"Iwe ndiye wasanduka mtsikana? Gwira gitalayo."

"Nyimbo iti?"

"Ya njinga. Eni ake adagona, njingayo idadyedwa ndi dzimbiri. Koma unene mwini mawu."

Adakokera chimkuzamawu pakamwa. "Nyimbo iyi adapeka ndi Dina uyu. Ine ndidaba pa mtondo pake, ndipo ndidalakwa."

Ndidakweza munsi. Kale ndinkatopa pa ndime yachitatu, tsopano ndidatopa pa yoyamba pomwe. Gu. Kudikira. Gu. Kuchedwa kwanga ndi kumene chifuwa chake chinkafuna. Adapuma, adapumanso, kenako adakoka mawu aja, aatali, okanda pang'ono koma ake enieni. Azimayi akuluakulu adayamba kuvomera ine ndisadatsegule pakamwa. Wokuwa uja sindidamumvenso. Nditafika pa mafuta odzola ndidayimba mokweza kuposa onse, misozi ikugwera mu mpunga wa eni ake.

Tidayimba zinayi. Mikono idandipweteka sabata yathunthu.

Masiku ano sayendanso m'maukwati. Lachinayi lililonse amawoloka ndi kampando kake kubwera pakhomo pano, ngakhale chigayo chili poteropo. Timathira kambale kamodzi ka mpunga mu mtondo, n'kumayimba za aliyense wodutsa. Zimathera mumpanda muno. Kusinja kwake kudakali kopanda ntchito, nkhuku zanga zanenepa.