Phazi la Amayi Luwiza

Ndinanamiza mayi amene sanandilakwirepo kanthu.

Amayi Luwiza, oyandikana nafe ku Zingalume, anabwera kuno pothawa nkhondo ya ku Mozambiki. Nkhondo itatha, anabwerera kukafunafuna mwana wawo amene anasokonekera m'njira. Ponyamuka anandisiyira mwala wawo wozirira.

"Muzindizirirako m'nyumbamu, anaBanda. Ndikabwera naye asadzaone ngati ndi pabwinja."

Ndinazira kawiri basi. Juni atafika, madzi a kudambo ankaluma zala, ine n'kumangoti mawa, mawa. Pansi panang'ambika, nkhuku n'kumafukulamo.

Tsiku lina amuna anga pochokera kuboma anati, "Ndawaona pamsika Amayi Luwiza, afika mawa." Ndinathamangira kudothi, n'kupaka lambiri kuti ming'alu ibisike, ngati sindidziwa kuti nyengo yozizira dothi limachedwa kuuma.

Anafika okha. M'malo mofunsa za mwanayo, pakamwa pangapa panatsogola: "Ndakhala ndikuzira sabata iliyonse."

Atangolowa, phazi lawo linatitimira. Analiyang'ana kanthawi, kenaka anati, "Zikomo, anaBanda. Mwavutika."

Ndikanawaitana kuti adzagone kwathu, koma kutero kukanakhala kuvomera bodza langa. Anayala mphasa pachinyezi pomwepo, ndipo m'mawa ndinawamva akutsokomola. Ndinapitiriza kusesa pabwalo, mutu uli pansi.

Phazi lija linauma momwemo, limodzi lokha, lolozera m'kati. Iwo akamazira ankalilambalala, ndipo sindinalimbe mtima kufunsa chifukwa chake. Mpaka chaka chimene tinawaika m'manda, ndikapita kukapala moto kwawo ndinkachita kulidumpha.