Enock ndi ukonde wa maso 131,071

Amene amati Enock wa ku Senga Bay ndi wozungulira mutu abwere adzanenere pano. Munthuyo sukulu adalekeza sitandade 7, inde, koma ndani kugombe kuno amasoka ukonde ngati iye? Ndani adawerengapo buku la masamu lopanda chikuto, lija mayi wina ankakulungira usipa, mpaka kulimaliza? M'bukumo ndimo adapeza nambala zosagawika, zija zimakana kugawidwa ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi mwini wake. Adazikonda chifukwa n'zamakani ngati iyeyo.

Bambo ake, a Pitala, atamwalira, adasiya chilimira chimodzi, ukonde waukulu wokolera usipa. Ndicho chinkadyetsa nyumba yonse. Maliro asanazizire n'komwe, abale adatulukira kuchokera ku Chitala, alimi a chimanga osadziwa ndi kupalasa bwato komwe, atsogoleri awo ali a Lenard, mng'ono wa malemu.

"Tiudule tigawane," adatero a Lenard. "Tilipo asanu."

Enock mtima udamuwawa, koma adagwada.

"Chabwino, bambo aang'ono. Koma mofanana, diso ndi diso, wina asapose mnzake."

"Ndiye chilungamo chimenecho," onse adavomera.

"Maso ake alipo 131,071. Ndasoka ndine, zigamba zonse ndikuzidziwa."

Kodi adawerengadi? Aaa, inunso! Nambalayo adaitola m'buku muja. Ukachulukitsa 2 ndi 2 maulendo mpaka ma 2 akwane 17, n'kuchotsapo 1, imatuluka imeneyo, ndipo palibe chimene chimailowa.

A Lenard adatulutsa foni n'kuyamba kugawa nambalayo. Kwa asanu, latsala diso limodzi. Adaonjezapo mayi wamasiye, amene poyamba adamuiwala dala. Kwa asanu ndi mmodzi, latsalanso limodzi. Kwa asanu ndi awiri, atsala atatu. Adaitana ndi asuweni omwe, thukuta lili kamukamu.

"Iwe, foni yafa iyi?"

"Ili bwino, bambo. Ngakhale muitane Chitala yense, sugawika. Tiusiye wathunthu, muzidzatenga usipa mwezi ndi mwezi."

Apa munthu wanzeru akadaseka n'kuvomera. Koma a Lenard adaika foni m'thumba, natambasula manja.

"Kwathu chingwe timayeza ndi mikono. Za maso n'zanu a kunyanja. Bweretsani mpeni."

Enock adakuwa, adatukwana, adagona paukondepo mpaka amuna atatu adachita kumukoka. Adaudula mapisi asanu, wa a Lenard utatalikirapo, poti mikono yawo ndiyo idali muyeso.

Lero kapiteni ku Chitala mukaone. Chilimira cha a Pitala chatchinga dimba la tomato, china n'khola la nkhuku, ndipo mbuzi zabowola kale. Zitsiru! Enock ali kugombe, akusoka maukonde a eni ake, ndipo pamaliro a ku Chitala sapondako.