Mmene Foni Inadulira Amayi pa Kanema wa Chiliza

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili Fomu 1, chaka chimene tinatsekulira chiliza cha agogo anga, mayi awo a ababa. Ababa sanabwere. Anali ku Joni kumene ankagwira ntchito ya ulonda, ndipo mapepala awo sanali olongosoka, moti akanati atuluke, kubwerera kukanavuta. Simenti ndi matailosi anagula ndi iwo, koma pa tsikulo malo awo pabenchi panakhala munthu wina.

Ife tinkakhala kwawo kwa amayi ku Limbuli, monga mwa chikamwini cha kwathu, pamene manda ali kwawo kwa ababa, cha ku Milonde. Ndinene poyera kuti amayi ndi agogo sankamwerana madzi. Agogo ankati mwana wawo anakwatira mkazi wapakamwa, amayi ankati apongozi awo sanayamikepo chinthu chibadwire. Nkhaniyi panalibe amene sankaidziwa. Komabe amayi anapempha tchuthi kwa kapitawo ku esiteti kumene ankatchola tiyi, tinakwera kabaza ndi thumba la nandolo ndi nkhuku, ndipo kumeneko anatunga madzi ndi kuphika mpaka maso kufiira ndi utsi.

Wojambula mwambowo anali achimwene Lojasi, mwana wa bambo aakulu. Iwowa anali ndi kashopu pamsika wa Limbuli, momwe munali makompyuta akale, makina a fotokope ndi thebulo lotchajira mafoni. Ndi amenenso anakonza webusayiti ya kabungwe ka anthu akwathu okhala ku Joni, kothandizana pa maliro. Patsambalo ankaikapo mauthenga a zovuta ndi zithunzi za maukwati. Ine ndikaweruka kusukulu ndinkathera kushopuko, kuwathandiza kutayipa, ndipo ndinkadziona ngati katswiri kale.

Kumanda kuja anaimika kamera pa miyendo yake pansi pa mtengo wa mango, naisiya ikujambula yokha. Inatenga onse: amuna kumanzere pamabenchi, chiliza pakati, akazi kumanja atakhala pansi. Azakhali Elube, alongo awo a ababa, anakhala pafupi ndi manda pamodzi ndi ana ena a pakhomo. Amayi, poti pamudzipo ndi mpongozi chabe, anakhala kumapeto kwenikweni, monga ulemu umafunira.

Masiku amenewo kanema sankatheka kutumiza pafoni, ankalemera. Achimwene anadula gawo la ulaliki ndi lochotsa nsalu pachiliza, nakaliika kwa kampani ina yakunja yosunga makanema, kenako anakonza kuti lizionekera mkati mwa tsamba lathu. Tinaonera pakompyuta yaikulu ya m'shopumo, zonse zili bwinobwino, ndipo tinatumiza uthenga ku Joni kuti anthu aone.

Lamulungu masana ababa anaimba. Kafoni ka amayi kanali kaphokoso, mawu ankamveka khonde lonse.

"Amake Mwayi, ngakhale munkadana nawo, munthu atafa amakhalanso mdani? Kuno taonera limodzi ndi anzanga, akundifunsa kuti mkazi wako ali pati. Ndiwayankhe kuti chiyani?"

"Ndinalipotu ine," anatero amayi.

"Ndaona ndi maso angawa. Mulibemo."

Ababa anali atafunsa kale azakhali Elube, ndipo iwo anangoti, "Ife tinali pachisoni, achimwene, sitinawerenge anthu." Azakhaliwo anadya nandolo wophika amayi tsiku limenelo, anawonjezeranso. Mpaka pano ndikawaona ndimakumbukira yankho limenelo.

Ndinalanda foniyo n'kunena kuti amayi alimo, ali kumanja, avala chitenje chobiriwira. Ababa anati, "Iwe mwana, usaphunzire bodza kwa amako." Kenako anati alankhula ndi ankhoswe, nadula. Kwathu mwamuna akatchula ankhoswe ali kutali choncho, ndiye kuti banja lapendekeka. Amayi sanalire. Anapitiriza kusenda chinangwa, koma ndinaona kuti akusenda ndi mnofu womwe. Ine ndinapsa mtima kwambiri, komanso ndinachita mantha.

Mawa lake nditaweruka kusukulu sindinadutsire kunyumba, ndinalunjika kushopu. Achimwene Lojasi anatsegula tsambalo pakompyuta, amayi ali pompo, mutu atawerama.

"Si awa? Bambo aang'ono maso ayamba kukalamba basi," anatero.

Poyamba tinaganiza kuti ndi netiweki, kuti mwina chithunzi chikuoneka mwachimbuuzi. Achimwene anaimbira ababa kuti akaonerenso pamalo pogwira bwino. Anakaonera, yankho n'kukhala lomwelo. Kenako tinati mwina akutsegula kanema wa chiliza china, poti patsambapo analipo angapo. Achimwene anawapempha kuti anene zimene akuona. Ababa, mawu ali ouma, anatchula abusa, bambo aakulu, matailosi a buluu, ndi azakhali Elube kumapeto.

"Kumapeto?" anafunsa achimwene.

Pakompyuta yathu azakhali anali chapakati, ndipo kumanja kwawo kunali khamu la akazi. Apa m'pamene tinayamba kukayika kuti ife ndi ababa sitikuona chinthu chimodzi. Vuto linali lakuti ababa ankaonera pafoni, ndipo ife tinalibe choonera ngati chawo. Foni ya achimwene inali ya mabatani, ndipo nthawi imeneyo mafoni ogwira pagalasi, amene tinkati a tachi, ku Limbuli anali osowa.

Ndinakumbukira a Daisoni, a kabaza, amene anawabweza kuchokera ku Joni opanda chikwama koma foni ili m'thumba. Ndinawapeza pasiteji akudya nanazi.

"Foni yangayi sigwiridwa ndi ana, mwanawe. Ndibwera nayo ndekha," anatero.

Anabweradi, naimika njinga pakhomo pomwe kuti aziiona. Tinatsegula tsambalo pafoni yawo, n'kuigoneka pafupi ndi kompyuta. Pafonipo chithunzi chinathera paphewa la azakhali Elube. Akazi onse a kumanja kwawo kunalibe. Chimene chinandiopsa n'chakuti panalibe chosonyeza kuti pena padulidwa. Kanemayo ankaoneka wathunthu, m'mphepete mwake mowongoka bwino. Ngakhale kabatani kokulitsira kanema kuti adzaze galasi lonse kanali pakona ya kumanja, ndiye kanapita limodzi ndi amayi.

Achimwene anakanda m'mutu. Kenako anatsegula malembo a kuseri kwa tsamba, aja amauza tsambalo mmene lizionekera, nayamba kundifotokozera, ngakhale ndikuganiza kuti ankadzifotokozera okha.

"Kanemayutu sali kuno, ali kwa eni ake kunja. Ife timangoboola windo patsamba lathu kuti azionekera. Muyeso wa windolo anandipatsa ndi iwo, ine ndinangokopera n'kumata."

Muyesowo unali nambala yokhazikika, yoyenera galasi lalikulu la kompyuta. Pafoni tsamba limaphwa n'kukhala lopyapyala, koma windo la kanema linakana kuphwa nawo. Ndiye chikombole cha tsambalo, chimene achimwene anachitenganso chopangapanga kwa anthu ena, chinali ndi lamulo lakuti chilichonse chopitirira m'mphepete chibisidwe. Mbali iliyonse payokha inalibe vuto. Kukumana kwa ziwirizo ndiko kunadula amayi, ndipo achimwene sakanadziwa chifukwa chiyambire anali asanaonepo tsamba lawo pafoni.

Kukonza kwake sikunayende ulendo umodzi. Anayamba achotsa lamulo lobisa lija. Kanema anaonekadi yense, koma pokhapokha munthu akokere tsambalo cham'mbali ndi chala, ndipo malembo onse anabalalika.

"Bambo aang'ono sangaganize zokoka," anatero achimwene, nalibwezera.

Kenako anachepetsa nambala ija. Pafoni zinakwana, koma pakompyuta kanema anasanduka kabokosi ka machesi. A Daisoni anali atayamba kudandaula kuti makasitomala akupita ndi anzawo, ndiponso tikuwathera mayunitsi. Komabe sanachoke. Anali atamva nkhani yonse, ndipo munthu wa kabaza sasiya nkhani pakati.

Pomaliza achimwene anachotseratu nambalayo, nalemba kuti windo lizitenga malo alionse amene lapeza, kaya ndi aakulu kaya ndi aang'ono. M'lifupi munakhala bwino, koma msinkhu unatsala wakale, moti pamwamba ndi pansi panabwera mizere yakuda yaikulu. Anavutika nazo mpaka anapeza njira yomangirira msinkhu ku m'lifupi kuti ziziyendera limodzi. Atatsegulanso pafoni ya a Daisoni, amayi anatulukira pakona, aang'ono ngati nyerere, chitenje chawo chobiriwira chikuoneka.

"Ndi omwewo amake Mwayi," anatero a Daisoni, ngati kuti ife tinkawatsutsa.

Tinaimbira ababa. Anatsegula, nati palibe chasintha. Achimwene anati foniyo yasunga tsamba lakale m'mimba mwake, ikungowaonetsa lomwelo, ndipo pafunika kufufuta zimene yasunga. Ababa zimenezo sankazitha, anapatsira mnyamata wina amene ankagona naye chipinda chimodzi. Tinkamva akukambirana, uku galimoto zikudutsa. Kenako mnyamatayo anawabwezera foniyo.

"Ndawaona," anatero ababa, nadula.

Ndinathamanga ulendo wonse wa kunyumba, chiperoni chikuwaza. M'mutu mwanga nkhani inali yatha, ndipo ndinkayembekeza kuti amayi andinyamula m'mwamba. Ndinawapeza angofika kumene kuchokera ku esiteti, akuchotsa pulasitiki imene ankamanga m'chiuno potchola tiyi. Ndinawafotokozera zonse, za windo, za nambala, za a Daisoni. Anamvetsera mpaka kumapeto, nati, "Wachita bwino. Kasinthe, wanyowa."

Dzuwa lisanalowe ababa anaimba. Mawu awo anali ofewa, aja a munthu wofuna kuti nkhani ithe msanga.

"Amake Mwayi, ndi foniyitu. Inakudulani. Zinthu za azunguzi n'zovuta. Za ankhoswe zija tingozisiya."

"Ndamva kuti inadula chithunzi," anatero amayi. "Nanga mawu inadulanso?"

"Mawu ati?"

"Nyimbo imene tinkaimba pochotsa nsalu pachiliza cha mayi anu. Ankayambitsa ndani?"

Amayi anapitiriza.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikukuimbirani nyimbo m'nyumba, bambo a Mwayi. Mwaonera kanemayo kangati?"

Anandipatsa foniyo ikadali yoyaka, nalowa m'khitchini. Ndinaima nayo pakhonde, ndikumva ababa akupuma ku Joni. Tsiku lotsatira ndinakapempha a Daisoni kuti anditsegulirenso, koma ulendo uno sindinayang'ane pagalasi. Mawu a amayi anali pamwamba pa onse, kuyambira ndime yoyamba mpaka yomaliza. Anali momwemo chiyambire, pafoni iliyonse.

Ankhoswe sanaitanidwe. Ababa anadzabwerera kumudzi patapita zaka, ndipo mpaka pano akukhala ndi amayi ku Limbuli, amalima chimanga, amakangana za mbuzi. Koma kuyambira tsiku lija amayi akamagwira ntchito pakhomo saimba ababa ali pafupi. Amaimba kutchalitchi ndi kumaliro. Ababa akangolowa pageti, nyimbo imathera pomwepo, ndipo sindikudziwa ngati iwo anazindikira.

Lero ntchito yanga ndi yomweyi yokonza mawebusayiti, ku Blantyre. Ndikamaika chinthu cha eni ake patsamba la kasitomala, kaya ndi mapu, kanema kapena polipirira, sindikhulupirira kompyuta yanga. Ndimasunga kafoni kotchipa kong'aluka galasi m'dirowa, ndipo ntchito siituluka ndisanaione pamenepo. Anyamata amene ndimagwira nawo amandiseka kuti ndine wovuta. Ndimawauza kuti tsamba losokonekera moonekeratu silipweteka munthu, chifukwa aliyense amadziwa kuti pali vuto. Loopsa ndi limene ladula mbali koma likuoneka lathunthu.

Zimenezo ndinaziphunzira masana amodzi. Zinazo zinanditengera nthawi yaitali. Ndili mwana ndinkanyadira kuti ndinapezera amayi umboni, osadziwa kuti chinkawapweteka n'chakuti panafunika umboni. Foni inadula chithunzi chokha. Ababa anatsegula kanemayo ali otsimikiza kale kuti mkazi wawo mulibe, moti anamvera mawu ake akuimbira mayi awo, mobwerezabwereza, osawazindikira.