Chilango cha Kalasi Yoyamba

Inu amene mwasenzetsedwa ntchito yomwe anzanu anaithawa, imvani za mayi ena.

Anali atangotha miyezi iwiri akugwirizira udindo wa mphunzitsi wamkulu pamene woyendera sukulu anafika. Analowa m'kalasi yomaliza n'kuloza mtsikana wina kuti awerenge ndime imodzi. Mtsikanayo analephera ngakhale mzere woyamba. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachisanu analira.

Pamaso pa aphunzitsi onse, woyenderayo anati abweranso pakatha chaka, ndipo akadzapeza zomwezo mpandowo adzapatsa wina.

Manyazi a anawo mayiwa ankawadziwa. Iwo anakulira umasiye kwa azakhali awo, ndipo anadziwa kuwerenga ali ndi zaka khumi ndi zitatu.

Pasukulupo kalasi yoyamba inali chilango. Ankaponyako aphunzitsi ojomba, oledzera ndi ongobwera kumene. Katswiri wa pasukulupo, amene ankamutcha Pulofesa, ankaphunzitsa kalasi yomaliza atamanga tayi. Mayiwa atakhoma ndandanda yatsopano pakhoma, dzina la Pulofesa linali pansi penipeni, pa kalasi yoyamba.

Pulofesa anatulukira mu ofesi ya mayiwa osagogoda.

"Amayi, ndalakwanji? Zaka makumi awiri pantchito, lero ndizikapukuta mamina?"

"Simunalakwe, achimwene. Ndatopa kukuonani mukuwongola mitengo yokhwima. Koma mamina tizipukuta awiri."

M'mawa mwake anasenza tebulo lawo n'kukaliika pakona m'kalasi yoyamba. Ana zana ndi makumi awiri anagawana pakati, theka Pulofesa, theka iwo. Makalata a ofesi ankasainira pamwendo, kamwana kakuwakoka nsalu kuti kakufuna kuchimbudzi.

Mwezi wathunthu Pulofesa sanawapatse moni. Anzake akamuona ankangoyimba a-e-i-o-u chapansipansi. Mayiwa sanamuneneze kulikonse. Ankangomufunsa nzeru pamaso pa onyozawo: mwana uyu akutembenuza b ndi d, inu mukanatani? Munthu wonyada akafunsidwa nzeru sakhala chete. Posakhalitsa anavula tayi, n'kuyamba kudula makatoni kupanga zilembo.

Ana aang'ono akaweruka, awiriwa ankaitana akuluakulu aja osatha kuwerenga, n'kutseka chitseko kuti wina asawaseke. Aphunzitsi ojomba, poona ahedi akuyoyoka choko mpaka m'tsitsi, anayamba kufika belu lisanalire.

Chaka chitatha woyendera anabweradi. M'kalasi yomaliza analoza ana asanu ndi awiri, asanu ndi mmodzi anawerenga. M'kalasi yoyamba kamtsikana kena kanawerenga mawu olembedwa pachikwama chake asanakafunse n'komwe. Woyenderayo anangotseka kabuku kake, nati mayiwa adikire kalata.

Mayiwo anali mayi anga. Atayamba kudwala ndinasiya koleji kudzawasamalira, ndipo sindinabwerereko. Kalata yowatsimikizira udindo inafika patatha milungu itatu titawaika m'manda. Amene anabwera nayo kunyumba ndi Pulofesa. Anandiuza kuti mpandowo tsopano akufuna kupatsa iye, ndipo avomera pokhapokha atamusiyira kalasi yake yoyamba ija.

"Ndikachokamo, mphwanga, amayi ako andifunsa," anatero, akuyang'ana kumbali.

Inu amene mukugwira ntchito yomwe palibe akuiona, dziwani kuti kalata imatha kuchedwa, mwinanso kukupezani kulibe. Zimawawa, sindinama. Koma mawa belu likalira, ana zana ndi makumi awiri atsegula mabuku, ndipo palibe amene alire. Musafooke, pitani mukayambire pansi pomwepo.