Manja a Prisca

Prisca wa kwa Nsaru mukamuona atakhala phee pakati pa mabuku ndi makompyuta ake atatu, musamuyese wofatsa. Mayi ameneyu saiwala, ndipo ine wogulitsa tomato pakhomo pakepo ndimamukondera zomwezo.

Atakhoza Folomu 4 ankafuna sukulu ya unamwino, koma mafomu ake ankadzaza pa intaneti. Makompyuta kuno anali ku laibulale kokha, komwe ankayang'anira a Dickson, bambo okonda tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Tsiku lotseka mafomu, Prisca anathamangira kumeneko kuchokera kuchigafa, manja ali bii ndi phula la fodya.

"Iwe, ndi manja amenewo? Undidetsera makina," anatero a Dickson. "Kasambe, ubwere mawa."

Mawa lakelo mafomu anali atatseka. Chaka chotsatira mayi ake anadwala, za sukulu zinathera pomwepo. Zimandipwetekabe mpaka lero.

Zaka zisanu ndi ziwiri Prisca analima fodya ndi mtedza, kukatha kukolola nkumakaphunzira kompyuta kwa msuweni wake ku Lilongwe. Kenako anatsegula chipinda chake cha makompyuta oyendera sola moyang'anana ndi laibulale ija. Aliyense amalowa, wamatope yemwe. Makina a a Dickson, amene ankangowafunditsa nsalu kuopa fumbi, anafera momwemo, mphemvu zitaswana m'kati. Zawo izo!

Mwezi watha bambo aja anatulukira ndi mwana wawo Olive, tsiku lomaliza la mafomu a unamwino omwewo. Mtsikanayo anali atanyamula mapepala m'manja.

"Abweze!" ndinamunong'oneza Prisca.

Iye anangotulutsa beseni la madzi ndi sopo nkuika pakhonde, anthu a mumsika akuona.

"Sambani m'manja, bambo."

"Manja angatu ndi oyera, mayi."

"Nthawi ikutha."

A Dickson anayang'ana mwana wawo, anapinda malaya, nanjuta. Anasamba. Prisca anawayendera manja chala ndi chala nkupukusa mutu. Bambo aja anasambanso, tayi ikuviika m'thovu, akabaza akufa nako kuseka. Kachitatu anatambasula manja aja akudontha madzi.

"Ayera tsopano, eti?" anafunsa chapansipansi.

Prisca anagwira Olive padzanja.

"Lowa, mwana iwe, fomu tidzaza tonse, lero lomwe ipita. Inu bambo, mubwere mawa."