Abale a Chimfine

Ku labu amangowatchula kuti Amayi a Chimfine. Nyengo yozizira ikafika, amatenga mamina a odwala pa kathonje, makina n'kuwerenga chibadwa cha kachilombo. Zotsatira amazitumiza ku nkhokwe ya pa intaneti kumene malabu a mayiko ambiri amasonkhanitsa zawo. Kumeneko kompyuta imalumikiza tizilomboto ngati banja: aka ndi kholo, aka kamdzukulu kamene kasintha pang'ono chaka chino.

"Chimfine chili ndi abale kuposa ine," amatero, anzawo n'kuseka. Eni akewo saseka. Mwana wawo mmodzi yekhayo anapita kunja kukagwira ntchito, ndipo foni amaimba mwa apo ndi apo.

Tsiku lina kachilombo kamene anatumiza kanapeza mbale wake, wochokera mumzinda womwe mwanayo amakhala. Amayiwo anayang'anitsitsa timizere tiwiri toimira tizilomboto pa kompyuta, togundana ngati mapasa. Kenako anavula magolovesi n'kumuimbira mwanayo. Foni inaitana mpaka kuduka, ndiye anangosiya uthenga.

"Ndine mayi ako. Chimfine cha kwanuko chaidziwa njira ya kuno. Nanga iwe?"