Tinakasesera kwa Ajapani

Mayi atamwalira ku Ntcheu, kumaliro ndinapita ndekha. Achemwali anga anatsala ku Leicester, ku Mangalande, mapepala awo okhalira m'dzikomo anali asanatuluke. Mwambo wa kumanda anaonera pafoni. Koma m'mawa mwake, pamene tinkasesa pakhomo kuti maliro atha, palibe anakumbuka kuwaimbira. Kwa iwo maliro sanathe.

Nditabwerera ku Leicester ndinawapeza atasanduka munthu wina. Achemwali, nesi wolongolola uja, ankangochoka kushifiti n'kukadzitsekera m'nyumba, kudera lawo la Beaumont Leys, makatani otseka. Kutchalitchi anasiya. Thupi linkangotha. Ndinaopa kuti ndiika wachiwiri chaka chomwecho.

Ine ndiye ndine wamakani, mayi ankati ndinabadwa ndi mutu wa mwala. Mnzanga wa kuntchito anandiuza za munda wa Chijapani, cha kumidzi kupitirira Nottingham, womwe mkulu wina wa ku Japan anaukonza kalekale pafupi ndi kakachisi kake. Loweruka ndinaimika galimoto pakhomo pawo.

"Achemwali, valani jekete."

"Ndikaone maluwa ine? Iwe, ndisiye."

"Sindichoka. Ndiliza hutala mpaka maneba atuluke."

Anandidziwa kuti sindinama. Anakwera.

Munda wake ndi wokongola, zoona. Nsungwi, timilatho, nsomba zofiira zonenepa ngati zodyera kuhotela. Pakhomo pa kachisi tinavula nsapato, m'kati muli zii, kafungo ka lubani. Ine ndinkayesetsa: taonani ichi, taonani icho. Iwo ankangonditsatira ngati mbuzi yopita kumsika. Mtima unandipsa, ndinatsala pang'ono kunena kuti basi, tiyeni tizipita.

Kuseri kwa kachisiko kunali bwalo la timiyala toyera, miyala ikuluikulu itakhala apo ndi apo. Bambo wina ankakoka reki yamtengo akuyenda chobwerera m'mbuyo, kusiya mizere yokhotakhota. Achemwali anaima.

"Amayi," anatero.

Ndinaona zomwe anaona. Mayi ankasesa choncho, chobwerera, kufufuta mapazi awo omwe, tsache likusiya mizere pabwalo lonse. Ukapondapo asanamalize, khutu lako linkadziwa.

"Ndikufuna kusesa," anatero achemwali.

Panali chingwe ndi chikwangwani choletsa kulowa. Ndinapita kwa bambo aja kukawapempha. Anakana mwaulemu, akuti alendo saloledwa. Ndinawafotokozera kuti kwathu maliro satha mpaka abale atasesa, ndipo achemwali angawa sanasese. Anakananso. Ndinati chabwino, tidikira. Tinakhala pabenchi, kamvula kakuwaza, alendo ena akudutsa n'kumatiyang'ana. Manyazi ndinawasiya m'galimoto.

Anthu atachepa, bambo aja anabwera n'kukweza chingwe.

Achemwali anavula nsapato, anamanga sikafu m'chiuno ngati chitenje, n'kuwerama. Mizere yawo inali yokhota, reki inkawalemera. Anayamba nyimbo ya maliro chapansipansi, kenako kulira kunabwera, kulira kwenikweni kwa pamaliro, komwe makoma a ku Beaumont Leys sakanalola. Ine ndinalira nawo kunja kwa chingwe. Sanasiye mpaka anafika kumapeto kwa bwalo.

Anabweza reki ndi manja awiri, atagwada pang'ono. M'galimoto anapukuta kumaso, n'kundiyang'ana.

"Iwe, m'chikwamamo muli chakudya? Njala yandipweteka."